Galimoto Imene Tinaiyesa Bwato

Fungo la tayala lopserera likandipeza, ngakhale pakati pa tauni, ndimabwerera ku dzinja limene galimoto ya amalume inakanika kukwera chitunda cha kwathu. Linali fungo loyabwa m'mphuno, losakanikirana ndi la katondo wonyowa komanso la chinangwa chimene mayi ankavika kuseri kwa nyumba. Mudzi wathu uli m'mbali mwa nyanja kumunsi kwa Sanga. Kuchokera ku tala pamatsika kamsewu kadothi, ndipo pafupi ndi nyumba zoyamba kamsewuko kamangogwa chotsetsereka pakati pa minda. Malo amenewo tinkangowatchula kuti pa Chitunda.

Amalume a Yotamu, mlongo wawo wa mayi, ankagwira ntchito ku Joni. Sopo, shuga ndi yunifolomu yanga yomwe, zonse zinkachokera m'thumba mwawo. Chaka chimenecho anabwera pa Khirisimasi ndi galimoto yawoyawo, yofiira, ya zitseko ziwiri, yaifupi moti nkhuku inkachita kuwerama polowa kunsi kwake. Mvula inali itachedwa, choncho anatsika Chitunda pafumbi, ife ana tikuthamanga pambuyo. Bambo, amene moyo wawo wonse anali msodzi, anaizungulira manja ali kumbuyo.

"Alamu, nanga nsomba tiziika pati?" anafunsa. Amalume anaseka, nati imeneyo si ya nsomba, ndi ya liwiro.

Tchuthi chawo chinali chothera kumayambiriro a Januwale, ndipo bwana wawo anali atawauziratu kuti akachedwa akapeza wina pamalo pawo. Mvula inayamba ulendo utatsala pang'ono. Mvula ya kwathu ikayamba siilabada kuti anthu ali ndi zochita.

M'mawa wonyamuka mayi anawaikira m'buti thumba la ufa wa kondowole ndi usipa wouma. Tinatsanzikana bwinobwino. Galimoto inabangula, inakwera pang'ono, kenaka kumbuyo kwake kunayamba kuvina uku ndi uku. Injini inkalira mpaka kumveka m'chifuwa, koma galimoto sinkasuntha. Matope ofiira anauluka n'kuwathimbiriritsa mayi chitenje chonse. Pang'onopang'ono inatsetsereka chafutambuyo mpaka pamene inayambira.

Masiku otsatira anali ofufuza matenda. Ena anati injini yafooka ndi ulendo wautali, koma injini yofooka singagonthetse mudzi wonse. Amalume anaitanitsa makaniko wa ku Chintheche, amene anasiya njinga yake yamoto ku tala n'kutsika wapansi. Iye poyamba anaganizira kilatchi. Anawauza amalume kuti aponde moto, iye atagwada m'matope, ndipo ine ndinagwada pambali pake. Tayala lakumbuyo lakumanja linkazungulira mpaka kufuka utsi, pamene lakumanzere linangokhala duu ngati silinamve kuti kuli ulendo. Makaniko anati kilatchi ilibe mlandu, mphamvu ikufika. Galimotoyo imakankhidwa ndi matayala akumbuyo okha, ndipo mphamvu yonse inkathawira ku tayala limene lapeza poterera. Analisisita ndi chikhatho. Linali lotambalala, mano atatha, losalala ngati mimba ya mlamba.

"Ada, galimotoyi siikudwala," anatero. "Ndi ya pa tala basi. Matayala a saizi iyi kuno simungawapeze." Anachotsako mpweya pang'ono. Inakwera kufika pa mtengo wa mango, n'kubwereranso.

Makaniko atapita, nkhani inatsala m'manja mwa asodzi, ndipo asodzi anachita zimene amadziwa. Bwato likakanirira pamchenga umalipepuza, umayala mitengo yosalala kunsi kwake, n'kulikoka ndi chingwe. Bambo analamula kuti chilichonse cholemera chituluke. Ufa unatsitsidwa, usipa, masutikesi, jeke, mpaka tayala la sipeya lomwe. Ine ndinanyamula kathumba ka masipanala, ndikunyadira kuti nanenso ndathandiza. Ife ana tinapempha kuti tikhale kumpando wakumbuyo, koma anatithamangitsa kuti tiilemetsa. Kenaka anabweretsa mitengo yokokerapo mabwato, yoterera ndi zaka zambiri za madzi, n'kuiyala kutsogolo kwa matayala. Chingwe cha khoka anachimanga kumphuno kwa galimoto.

Amuna anafola pa Chitunda ngati akukoka khoka, wina akutsogolera nyimbo. Amalume anaponda moto. Tayala litangogwira mtengo woyamba linaulavulira kumbuyo, ndipo unadutsa pafupi ndi miyendo ya mayi n'kukaphwanya mtsuko pakhonde. Okoka aja ankaterereka, kugwa, kudzuka, kugwiranso. Mwadzidzidzi chinamveka kuti phwa, onse anagwa chagada, chingwe chili ndi chipulasitiki chakutsogolo kwa galimoto. Palibe anaseka, chonsecho anthu akwathu amapeza choseketsa ndi pamaliro pomwe.

Anakapemphanso thirakitala ku esiteti ya mitengo ya labala. Dalaivala wake anafika pamwamba pa Chitunda, anasuzumira pansi, napukusa mutu. Anati akatsika pamenepo tikhala ndi akaidi awiri.

Tsiku lotsatira bambo anawakhazika amalume pansi pakhonde, mvula ikugogoda pamalata. "Alamu, isiyeni. Kwerani basi, mudzaitenga kukauma."

"Zaka zonse zimene ndagona m'kachisakasa ku Joni zili m'galimotoyi," anayankha amalume. "Ndibwerere wapansi, anzanga andione bwanji? Mawa kuwala."

Mayi, amene sankalowerera nkhani za amuna, anayankhula ali chiimire pakhomo, kuwaitana mlongo wawoyo mwa chikwathu. "Adumbu, yatilera ndi ntchito, si galimoto."

Mawa lake sikunawale, mkuja nakonso ayi. M'mawa uliwonse amalume ankapita pa Chitunda ndi kamtengo, n'kubaya katondo kuti aone ngati walimba. Kamtengo kankalowa ngati m'phala. Dzuwa likatuluka pang'ono ankathamangira m'galimoto, ife tikuthamangira kukaonerera, ndipo nthawi zonse zinkathera pa mtengo wa mango uja. Tayala linakumba chidzenje chimene chinadzaza madzi, achule n'kuikiramo mazira. Zovala sizinkauma, machesi ankakana kuyaka, ndipo nsapato zoyera zimene amalume anabwera nazo zinamera nkhungu. Ine ndinkapemphera kuti mvula ileke, koma ndikatsegula maso inali ikugwabe. Ndinkawamvera chisoni amalume, ndipo panalibe chimene ndikanachita.

Foni inkagwira pamwamba pa Chitunda pokha. Amalume ankakwera wapansi kukapepesa kwa bwana, ndipo ankatsika akunena kuti wamvetsa. Tsiku lina masana anatsika n'kungotipitirira. Analowa m'galimoto, anatseka chitseko, osaliza injini. Ndinagogoda pagalasi, koma sanacheuke, manja onse awiri ali pachiwongolero. Nditalowa m'khitchini ndinapeza mayi akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anandiuza motsitsa kuti ntchito yapita, ndisawasowetse mtendere amalume. Ndinachita mantha, ngakhale sindinadziwe bwinobwino chimene ndikuopa. Pasanapite nthawi tiyi tinayamba kumwa wopanda shuga.

Mvula inaleka mu Meyi. Katondo anauma n'kung'ambika. Tsiku lina amalume analiza galimoto ija, ndipo inakwera Chitunda kamodzin'kamodzi, osatsokomola n'komwe. Tinaithamangira mpaka ku tala. Kumeneko anaima, anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anakhala nthawi yaitali injini ikulira. Kenaka anatembenuza n'kutsikanso kumudzi, chifukwa kunalibenso kopita.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti galimotoyo inali yolemera kwambiri, ndipo tikanapeza china chochotsamo ikanakwera. Nditakula n'kuphunzira kuyendetsa m'pamene ndinadziwa kuti galimoto yokankhidwa ndi matayala akumbuyo imafuna katundu pamwamba pa matayalawo, miyala yokhakhala pansi, ndi phazi lofatsa pamoto. Sindinganene motsimikiza kuti ikanakwera, poti matayala aja analidi otha. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku lija mudzi wonse unatuluka kudzathandiza ndi mtima wonse, ndipo aliyense amene ananyamula kanthu kuchotsa m'galimotomo ankawakhomerera amalume pansi pa Chitunda.