Impso Yanga M'manja mwa Amalume

Mwala umene unamera mu impso yanga unandizunza miyezi yambiri. Ululu ukandigwira kumsana, ndinkasiya mpunga wanga pamsika wa Chiringa n'kukagubuduka kuseri kwa golosale, anzanga akundigulitsira. Kuchipatala cha kwathu ananditumiza ku Blantyre, kumene anandilowetsa m'makina ojambula m'kati mwa thupi. Anati mwalawo wakula, sungatuluke ndi mkodzo, ufunika opaleshoni.

Ine ndinavomera pomwepo. Koma kwathu mkazi sapita ku mpeni popanda mawu a mwinimbumba, ndipo mwinimbumba wathu ndi amalume anga, msodzi wa ku Chilwa, wamakani ngati ine ndemwe. Amuna anga anachita mantha. "Ukakafera komweko, abale ako ndidzawauza chiyani?" Amalumewo pafoni sanachulutse gaga m'diwa. "Dokotala amadula mongoganizira. Sadziwa chili m'katimo mpaka atatsegula. Ayi."

Ndinapsa mtima koopsa. Thupi langa, ululu wanga, koma chilolezo chili kudoko! Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndinakwera kabaza mpaka kunyanja, n'kuwakoka amalume, fungo la matemba lili thoo, kuti akakane pamaso pa dokotala.

Dokotalayo anali mayi wamng'ono thupi, wosachedwa kuseka. Atamva nkhani yathu anatulutsa magalasi aakulu ngati a owotcherera zitsulo, amene ankawayesa pokonzekera maopaleshoni. Anati zithunzi zanga zija aziika mu kompyuta, ndipo wovala magalasiwo aona impso yanga yonse. Anayamba kundiveka ine.

Mayo ine! Chipinda chinali chomwecho, mipando yomweyo, amalume ali pakona ndi chipewa pabondo, koma pakati pathu, m'malere, panali impso. Yanga! Yooneka ngati nyemba yaikulu, mitsempha yofiira itayanga paliponse. Dokotala anaitembenuza ndi zala, n'kuisenda pang'ono, ndipo m'katimo ndinauona mdani wanga, woyera, wanyanga ngati chala cha jinja. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinautukwana mwalawo mawu amene sindingalembe pano, namwino n'kugwira pakamwa.

Kenako anawaveka amalume. Mwadzidzidzi anadzambatuka, chipewa n'kugwa.

"Mwaitulutsa kale? Mwamudula mwanayu osandiuza ine?"

"Ayi bambo, n'chithunzi chabe," anatero dokotala.

"Chithunzi chimakhala papepala! Iyi ikulendewera!"

Sanadikire yankho. Anathamangira pakati pa chipinda n'kutchera manja awiri pansi pa impso ija, monga munthu wolandira madzi, kuti ingagwe pasimenti. Ife amene tinalibe magalasi tinkangoona nkhalamba itawerama, itanyamula mphepo. Ndinkafuna kufa ndi phwete.

"Bwezeretsani msanga, izizira!"

Ndinapita kukaima patsogolo pawo, n'kutembenuka, n'kukweza bulauzi. "Amalume, onani msana wanga. Bala lili pati?" Anayang'ana msanawo, kenako impso, kenako msana. Manja okha sanawasunthe.

Dokotala anapezerapo mpata. Anajambula kamzere kobiriwira kochokera pakhungu la kumsana mpaka pamwala. Anati aboola kabowo kakang'ono, adutsa pakati pa mitsempha iwiri osaikhudza, aphwanya mwalawo n'kutulutsa zidutswa. Amalume anayamba mafunso ngati akufunsa njira ya bwato m'mabango. Uwu wofiirawu mukaugunda? Bwanji osalowera uku kwafupiku? Dokotala anawaonetsa kuti kwafupiko kuli nthiti ndi matumbo. Amalume anamuuza kuti abwereze njirayo, dokotala anabwereza. Anatinso kachitatu, anabwerezanso. Ine ndinayamba kumwetulira, chifukwa ndinkawadziwa: akafunsa katatu ndiye kuti ayamba kufewa.

Apo m'pamene ndinaona kuti manja aja akadali pansi pa impso ija. Mikono inali itatopa, thukuta likutsika pansi pa magalasi, koma sanaitsitse ngakhale atamva kuti palibe chimene anyamula. Kuseka kunandithera. Ndinakula ndikuganiza kuti amalume amangokonda kulamula, osadziwa kuti munthuyu amaopa kunditaya.

"Adokotala," anatero, "dulani. Koma mudutse momwe mwandionetsamu, musakhote."

Ndinalulutira m'chipatala cha eni, osachita manyazi. Namwino anayandikira kuti awavule magalasi, amalume n'kupukusa mutu.

"Yambani mwaibwezera mwa mwini wake," anatero, "ndiye ndichotse manja."