A Baltazar ndi Wailesi Yonenepa

Ku Chipera kunalibe munthu wodziwa mbuzi ngati a Baltazar. Sukulu sanapiteko, anakulira kubusa, koma mbuzi akangoinyamula, kuigwira pamsana ndi kuiyang'ana mano, ankakuuzani ngati idzaswa mapasa kapena ndi yongotha udzu. Tsoka lake, nzeru imeneyi ankayenda nayo ngakhale kumene kulibe mbuzi. Nkhani ya wailesi amaikamba okha, ndipo woyamba kuseka amakhala iwo omwe.

Chinali chaka cha 1983, nkhondo ili mkati. Mwana wawo Olímpio anali atatengedwa ku usilikali, ndipo mvula inagwa kawiri popanda kalata. Kalata ikanadzera kuti, misewu ili yotcheredwa mabomba? Chotsala chinali wailesi basi: Lamlungu masana ankawerenga moni wa asilikali kwa abale awo, kenako mauthenga a maliro. Akazi awo, mayi Teodora, anayamba kuwonda ndi maganizo. A Baltazar anapirira, anapirira, kenako anamanga mbuzi ziwiri n'kupita nazo kutauni ya Fíngoè kukafuna wailesi.

Mu loja, sitolo ya kumeneko, munali fumbi lokhalokha. Anthu anawalozera kwa Mário, amene ankabweretsa katundu mozemba kuchokera ku Zambia. Mário anatulutsa mawailesi awiri pansi pa bedi. Ina inali yaing'ono ngati mtanda wa sopo, ina yaikulu, ya zokuzira mawu ziwiri ndi kachitseko ka kaseti.

"Tengani kakang'onoka, bambo," anatero Mário. "Kamadya mapilya awiri okha mwezi wathunthu. Mbuzi imodzi mubwerera nayo."

Ife a kuno, wogulitsa akatiuza kuti titenge chotchipa, timadziwiratu kuti chabwinocho akusungira m'bale wake. A Baltazar ananyamula kakang'onoko, kopepuka ngati kodwala. Ananyamula yaikuluyo, inawagwetsa phewa. Anaigogoda m'nthiti, anatsegula kachitseko kaja n'kusuzumira m'kamwa.

"Iyi ndiye yonenepa," anatero. "Mawu a mwana wanga sangatulukire m'kamwanapiye aka."

Mbuzi zonse ziwiri zinatsala kwa Mário. Kaseti analibe ngakhale imodzi, ndipo sanafunse n'komwe kuti chinyama chawocho chimadya chiyani. Munthu amene chibadwire sanagulepo mbuzi asanaone msipu!

Chinkadya mapilya, ndiye kuti mabatire, asanu ndi limodzi. Tsiku loyamba mudzi wonse unasonkhana, a Baltazar n'kukweza mawu mpaka pothera kuti a kutsidya kwa dambo nawonso adziwe kuti kuno kuli amuna. Anthu anavina mpaka fumbi koboo, eni ake akuyenda chotukumuka. Mayi Teodora anangoti, "Bambo a Olímpio, kodi tinagulira kuvina?" Pofika Lamlungu lachiwiri wailesi inkalankhula mosasa mawu, ndipo mabatire atsopano sankapezeka ngakhale kwa Mário.

Apa a Baltazar anasanduka sing'anga wa mabatire. Ankawayanika pathanthwe, kuwaviika m'madzi otentha, kuwapsinja ndi mano mpaka m'kamwa kuwawa. Mlungu wonse wailesi inkagona yofunditsidwa chitenje, wokhudza aone zakuda. Lamlungu ankaitsegula pang'onong'ono, iwo khutu kuno, akazi awo khutu uko, chinthu chachikulu chonchija chikungonong'ona.

Lamlungu lina la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anaganiza zochenjera. Anati achedweko kutsegula, asawononge mphamvu ndi nyimbo zoyambirira. Anayang'ana mthunzi, anadikira, anadikiranso, kenako anatsegula. Chimene anamva ndi ichi: "…Olímpio Baltazar, wa ku Chipera…" Basi, zii.

Anaigwedeza, anaimenya mbama, anasinthanitsa mabatire. Palibe. Ndipo popeza anachedwa kutsegula, sanadziwe ngati inali nthawi ya moni kapena ya maliro. Mayi Teodora anangokhala pansi, osalira. Mantha anawagwira a Baltazar, ndipo akafika pamenepa pokamba nkhaniyi saseka ayi.

Anauyamba ulendo tsiku lomwelo, kulambalala msewu, kufunsa mudzi ndi mudzi ngati alipo anamva. Ena mawailesi anali atakwirira poopa amfuti, ena mabatire anatha kalekale, midzi ina munalibenso anthu. Tsiku lachitatu, pamsika wa ku Fíngoè, anapeza mayi Quitéria wogulitsa masau ouma, amene sankaphonya wailesi Lamlungu chifukwa nayenso mwana wake anali kunkhondo.

"Wa ku Chipera? Ndinamva," anatero mayi Quitéria. "Unali moni, bambo. Ati ali moyo, ali bwino, akupereka moni kwa mayi ake a Teodora, ati asadandaule."

A Baltazar anakhala pansi m'fumbi momwemo, misozi chuchuchu, msika wonse ukuona. Mtima utakhala pansi anapukuta nkhope ndi chipewa, natsokomola pang'ono.

"Nanga bambo ake, anati chiyani?"

Mayi Quitéria anaganiza, anaganiza. "Za bambo sindinamve."

"Ndiye yemweyo ameneyo," anatero a Baltazar akudzuka. "Ndi wanga ndithu. Wina akanakhala ndi ulemu."

Ndipo anatembenuka osadya kanthu, ulendo wa masiku awiri, kukatula moni kwa mwini wake.