Ubweya wa Mbuzi pa Mbedza

Linali Lachinayi, 3 koloko masana, m'mwezi wa Okutobala, pamene bambo aja anafika pakhomo pathu atanyamula kachitini kawo. Ine ndinali pakhonde ndikuyamwitsa. Nditawaona ndinaweramitsa mutu.

Anali bambo achikulire ochokera ku Zomba. Anagwira ntchito zaka zambiri kufakitale ya shuga ku Dwangwa, ndipo atapuma anachita lendi kanyumba m'mudzi mwathu, kufupi ndi pamene mtsinje wa Dwambazi umathira m'nyanja. Ankakhala okha. Kuno aliyense amadziwa kuwedza, koma kawedzedwe kawo kanali kachilendo. Ankaima m'madzi olekeza m'mawondo n'kumakupiza chingwe m'mwamba, kutsogolo, kumbuyo, kumbedza kulibe nyongolotsi. Koma nsomba ankagwira.

Masabata awiri m'mbuyomo anandipempha nthenga za pakhosi pa tambala wathu wofiira. Ndinawapatsa osafunsa kanthu, chifukwa ine kulankhula ndi anthu akuluakulu kumandivuta. Patapita masiku atatu mwana wanga anayamba kutentha thupi. Anali wa miyezi isanu ndi umodzi, woyamba kubadwa.

Tsiku lina ndikuchapa matewera kumtsinje, ndinaona kachitini kawo kali kotsekula pamwala, eni ake ali m'madzi chapatali. Ndinasuzumira. Munali timbedza tambiri, kalikonse komangidwa ndi ulusi wofiira, nthenga, ndi tsitsi lakuda. Nthenga ndinazizindikira. Koma chimene chinandithetsa mphamvu ndi tsitsi lija, pakuti mwana tinali titangomumeta kumene, ndipo sindinakumbukire ngati tsitsi lonse ndinalikwirira. Ndinasiya matewera m'beseni n'kuthamangira kwa apongozi anga.

"Amayi, bambo aja amanga tsitsi la mwana pa mbedza."

"Waona ndi maso ako?"

"Ndaona."

Sindinanene kuti ndikungoganiza. Ndinati ndaona.

Mawa lake amuna anga anatipezera kabaza, tinapita kuchipatala. Mwana anamuyeza magazi n'kumupeza ndi malungo. Atamwa mankhwala masiku atatu anayambanso kuseka. Koma apongozi anali atanena kale kumjigo, ndipo nkhani inali itafika mudzi wonse. Anthu anasiya kuwayankha moni bambo aja. Ana ankagenda denga lawo. Wogulitsa tomato anakana kuwagulitsa. Pomaliza, mayi amene anali eni nyumba anawauza kuti atuluke pofika Loweruka. Zonsezi ndinkazimva, koma ndinangokhala chete.

Ndiye Lachinayi lija bambo aja anaodira, anakana mpando, anakhala pansi penipeni. Apongozi anatuluka n'kukhala chapatali.

"Mwana waswera bwanji, mayi?" anandifunsa.

"Waswera bwino," ndinayankha chapansipansi.

Anatembenukira kwa apongozi. "Mayi, tandigwirirani mbuzi yakuda ija."

Apongozi anadabwa, komabe anaigwira mwendo. Bambo aja anatulutsa kasizasi, anadula ubweya pang'ono kumchira, mbuzi n'kuthawa. Anatenga mbedza yopanda kanthu, anayamba kukulunga ulusi, anaika ubweya uja, kenako tinthenga tiwiri. Atamaliza anaika kanthu kaja pachikhatho.

"Mukuona chiyani?"

"Ikukhala ngati ngumbi," anatero apongozi.

"Nsomba nazo zimatero. Sanjika akaona kakugwera pamadzi amati ndi ngumbi, n'kumeza. Ndinaphunzira kuphiri kwathu ndili mnyamata, ndikunyamulira madengu alendo obwera kudzawedza m'timitsinje. Ndikanakhala mfiti, mayi, bwenzi ndikudya chambo tsiku lililonse, osati tinsomba tiwiri tam'mbale."

Apongozi anaseka mosakoma. "Aa, bambo, ife tinangomva kwa anthu. Mukudziwa pakamwa pa anthu akuno."

"Ndikudziwa. Sindinabwere kudzafunsa amene anayamba. Ndangofuna kuti pochoka, nyumba imodzi yokha idziwe zoona."

"Ndiye mubwerera ku Zomba?"

"Kwa yani? Mkazi wanga ndinamuika konkuno ku Dwangwa. Ndiona kolowera."

Ndinangoyang'ana pamutu pa mwana, pamene tsitsi linali litayamba kumeranso. Bambo aja anatseka kachitini, anatsazika, anapita. Sanandiyang'ane moipa ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri.

Atapita, apongozi anandiyandikira. "Usakatsekule pakamwa. Aja ndi obwera, apita. Iwe udzakalamba konkuno, ndipo anthu sadzaiwala kuti unanama."

Ndinati chabwino. Koma ndiwo za tsiku limenelo ndinaziphika zopanda mchere, ndipo sindinadziwe mpaka amuna anga atandiuza.

M'mawa mwake ndinabereka mwana n'kupita kumjigo nthawi imene azimayi amachuluka. Ndinaima pafupi ndi mzere wa zidebe.

"Pepani, amayi, ndili ndi mawu."

"Ee, kodi mtengwa wathuyu amalankhula?" anatero wina, osasiya kupopa.

"Za bambo aja ndinayamba ndine. Tsitsi lija si la mwana wanga. Ndi ubweya wa mbuzi. Amapangira ngumbi zabodza zowedzera. Mwana anali ndi malungo."

Kenako mayi wina anati, "Ndiye iwe sudziwa kusiyanitsa mwana wako ndi mbuzi?"

Onse anaseka. Wina anati, "Mukadzamumetanso mudzatiitane, tidzamve ngati salira mee." Ndinabwerezanso mawu aja, chifukwa akumapeto kwa mzere sanamve.

Kuchokera pamenepo ndinapita kwa eni nyumba. Ndinawapeza akusesa. Ndinagwada n'kunena zomwezo.

"Bwanji apongozi ako sanabwere?"

"Ndabwera ndekha. Ndinayamba ndine."

Anasiya kusesa, tsache lili m'manja. "Ine sindipita kukachita manyazi m'malo mwako. Pita wekha ukawauze kuti nyumba ndi yawo, ngati angafunenso kukhala ndi anthu ngati ife."

Ndinapita. Pakhonde pa bambo aja panali matumba awiri omanga kale, mphasa yokulunga, ndi miyala imene ana ankagendera denga ija itaunjikidwa bwinobwino pambali. Ndinagwada pabwalo, mwana ali kumsana, n'kuodira.