Bambo wothirira katungwe

Mu paki ya pakati pa mzinda munkagwira ntchito bambo wina amene anthu ankangowatchula kuti a Kheni, poti palibe anawaonapo alibe kheni yothirira m'manja. Ngakhale kumaliro ankafika atapendekeka phewa ngati anyamula madzi. Ntchito yawo inali yothirira kapinga, ndipo ankamuthirira mwaulemu, ngati akumupepesa chifukwa cha dzuwa.

Chaka chimene mzime wawo, kamtsikana kolongolola, anayamba sukulu, akhonsolo anaganiza zokonza pakiyo. A nthambi ya madzi anauzidwa kuika mapaipi owaza okha, a nthambi ya masewero kuimika katungwe. Maofesi awo analekana ndi khoma lokha, koma sankayankhulana chifukwa cha ketulo ina imene inasowa kalekale.

Anayamba ndi amasewero. Anakumba maenje, naimika katungwe wachitsulo wofiira psuu, nathira simenti m'miyendo mwake. Mpando wake anaukhoma ndi loko kuti pasakwere mwana mpaka tsiku lotsegulira.

"A Kheni," anatero kapitawo wawo, "simenti imalimba ndi madzi. Kapinga mumusiye kaye. Muzithirira miyendo iyi m'mawa ndi madzulo mpaka ndidzakuuzeni ndine kuti basi."

Madzulo ake mzime anabwera ndi chakudya cha bambo ake, maso onse ali pa katungwe.

"Ababa, ndikwere?"

"Dikira atsegulire, mwanangu. Woyamba kukwera udzakhala iwe, ndipo wokukankha ndidzakhala ine."

Analonjeza ndi mtima wonse, osadziwa kuti pa mapu a amadzi paipi yaikulu inkadutsa ndendende pansi pa katungweyo. Amadzi atafika anamuzula, naika paipi yawo. Amasewero anabwera kudzamubwezera, mwendo umodzi nuboola paipi ija, madzi n'kuthovoka kupitirira mitengo. Amadzi anazulanso. Amasewero anadzalanso. Katungwe ameneyu anaokeredwa kuposa mbande ya tomato, ndipo ulendo uliwonse pankathiridwa simenti yatsopano yofuna madzi.

Mkati mwa chipwirikiti chimenechi kapitawo uja anasamutsidwira ku nthambi yoona za manda, osanena kuti basi. A Kheni anakafunsa kwa watsopano ngati asiye.

"Lamulo si langa limenelo, madala," anayankha iye. "Ndingachotse bwanji chinthu chomwe sindinaike?"

Ndiye anapitiriza. Kapinga anauma gwa, chifukwa mapaipi owaza aja, tsiku lomwe akumbukira ntchito, ankanyowetsa anthu odikira basi kunja kwa mpanda. Koma katungwe sanagonepo ndi ludzu. Anthu anayamba kubwera ndi alendo awo kudzawaonetsa mkulu wothirira chitsulo, ndipo kunyumba akazi awo sankawapatsa mpata.

"Abambo, mbewu yanu ija yachita maluwa? Ikabereka tizitungwe ting'onoting'ono mudzatipatseko kamodzi."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankayankha a Kheni akuvula nsapato zonyowa.

Mzime ankafunsa tsiku ndi tsiku. Kenaka ankangofunsa potsekera sukulu. Kenaka anasiya, ndipo kusiyako n'kumene kunawapweteka bambo ake kuposa kusekedwa ndi mzinda wonse. Ankati akamuona akudutsa panja pa mpanda ndi mabuku, osacheuka n'komwe, mtima unkawawa ngati amubera kanthu iwowo.

Ketulo ija itapezeka kuseri kwa kabati, nthambi ziwirizo zinagwirizana, tsiku lotsegulira n'kulengezedwa. Apa n'kuti mzime ali namwino, wamtali kuposa bambo ake. A Kheni anasita ovolosi yawo, napita okha kuchipatala kukamupempha.

"Ababa, mukukumbukirabe zimenezo?" anafunsa akuseka. Ataona nkhope yawo anasiya kuseka. "Ndibwera."

Anabweradi, ndi yunifomu yake yoyera. Mkulu wa khonsolo anayankhula za tsogolo la ana mpaka ana omwewo anayamba kuodzera, nadula riboni, loko n'kuchotsedwa. Kenaka wojambula anapempha mkuluyo kuti atsamire mwendo wa katungwe. Anatsamira. Kunangomveka phwa! Pansi pa penti yofiira panalibenso chitsulo, dzimbiri lokhalokha, ndipo katungwe yense anagwada pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa.

Amadzi analoza amasewero, amasewero analoza amadzi. Mkulu uja, akudzisasa fumbi, analamula kuti pakhale komiti, onse n'kuthamangira ku magalimoto. A Kheni palibe anawaloza chala, poti iwo anangotsata lamulo. Koma eni ake ankadziwa kuti dzimbirilo linali la madzi awo, a m'mawa ndi madzulo, ndipo anachita manyazi kumuyang'ana mwana wawo.

"Pepa, mwanangu," anatero. "Ndamupha ndekha."

Mzime anakoka mpando wa katungwe m'zitsulo zija, nauika pansi pamatope, nakhalapo ndi yunifomu yomweyo. Anatola matcheni m'manja onse awiri, nakweza miyendo.

"Ababa, kankhani."

Anaika manja pamsana pake, nakankha. Mpando sunasunthe, koma iye anawerama kutsogolo, nabwerera chagada, akukuwa ngati wafika kumitambo.

"Mwamphamvu, ababa! Mwamphamvu!"

A Kheni anakankha misozi ili chuchuchu, mpaka ana ena anayamba kuima pamzere kumbuyo kwawo.