Maso a Mayi, Makutu a Malume

Lachiwiri lapitali ndinatumidwa kukachotsa kanema m'nyumba ya munthu wosaona. Ndinabwerako chimanjamanja, ndipo lero ndikufuna ndikuuzeni chifukwa chake.

Wondituma anali msuweni wanga Dalitso, amene amagwira ntchito ku Blantyre. Anandiimbira foni ku ofesi kuno ku Salima boma, mawu ake akumveka olema. Nkhani yake inali yomwe ili pakamwa pa aliyense amene ali ndi dishi padenga masiku ano: eni ake a kampani ya madishi akwezanso mtengo wa pamwezi. Akuti kwacha yagwa, ndipo iwo zinthu zawo amagula ndi ndalama zakunja. Wosalipira, kadi yake yoonerera kanema aizimitsa mwezi ukatha.

Dishi imene ankanenayo ili ku Senga Bay, panyumba ya makolo ake. Anawagulira chaka chatha, ndipo wakhala akulipira yekha mwezi ndi mwezi. Tsopano anati zamukulira. Anali atapeza kale munthu wina wa bala amene akufuna dikoda, kabokosi kaja kamene kamalandira za pa dishi n'kuzipereka ku kanema. Ntchito yanga inali yongokakatenga.

"Iwe taganiza," anatero Dalitso. "Bambo saona. Mayi Chizungu sachimva. Ndiye ndikulipirira ndani?"

Ndinavomera kuti akunena zoona. Inu mukanatsutsa?

Bambo ake a Dalitso ndi malume anga, a Lufeyo. Anagwira ntchito moyo wawo wonse mu hotela ina ya kunyanja kuno, kuyambira kutsuka mbale mpaka kukhala mkulu wa operekera zakudya. Sukulu sanapite nayo patali, koma Chizungu anachitola patebulo, ndipo amalankhula cha m'mphuno chenicheni. Matenda a shuga ndi amene anawalanda maso, pang'onopang'ono, atangopuma pantchito. Akazi awo ndi a Nabanda, ine ndimangoti mayi. Iwowa ndi mlimi wa mpunga, anakulira ku Chinguluwe, ndipo Chizungu chawo chimathera pa moni.

Ndinakwera minibasi pa depoti, n'kufika masana dzuwa likuswa mtengo. Polowa m'nyumba ndinaona katoni ya dikoda ili patebulo, yopukutidwa bwino, ndi mapepala ake apulasitiki omwe. Uthenga wa Dalitso unali utanditsogolera. Malume anandigwira dzanja, n'kundisisita pamkono monga amachitira chisiyire kuona, nati nditenge katunduyo popanda kudandaula, chifukwa mwana sayenera kugona ndi njala kuti nkhalamba zizionera azungu. Ananena akuseka. Mayi sanaseke. Anangopempha kuti ndidikire sewero lawo lithe, poti linali litatsala pang'ono kuyamba.

Ndinakhala pampando wa pakona, mtima uli ku minibasi yobwerera.

Mayi anakokera mpando wawo pafupi ndi wa malume mpaka mikono ya mipandoyo inagundana. Anayatsa kanema. Sewerolo ndi lija la banja lina lolemera la kunja, limene anthu ake sagwira ntchito koma kukangana. Litangoyamba, mayi anayambanso kulankhula, motsitsa, ngati munthu amene akuwerengera mnzake nkhani.

"Walowa uja wa tsitsi lalifupi. Wavala diresi lofiira. Mwamuna wake wakhala pampando, sanadzuke."

Malume anapendeketsa mutu, khutu kuloza ku kanema. Mkazi uja atalankhula, iwo anamasulira kuti akuti wamukhululukira, zakale zapita.

"Akunama," anatero mayi. "Manja wapinda pachifuwa. Sakumuyang'ana n'komwe."

Malume anagwedeza mutu, nati iwonso anamva kuti mawuwo akutuluka mouma. Anayamba kukambirana ngati mkaziyo achoke kapena apirire. Mayi anali mbali ya mkazi, malume ankamuikira kumbuyo mwamuna, ndipo anatsutsana mpaka sewerolo linawasiya m'mbuyo, n'kuyamba kufunsana kuti amene walowa tsopanoyu ndani.

Apo m'pamene ndinaiwala za minibasi.

Ine Chizungu ndimachimva, ndipo maso ndili nawo. Koma ndikuuzeni zoona, sewero limene ndinkaonera ine linali lozizira poyerekeza ndi limene ankaonera awiriwa. Wina ankabweretsa zithunzi, wina mawu, n'kumaphatikiza ngati anthu amene asonkherana ndiwo.

Kenaka ndinagwira malume akuba. Mwamuna wa m'sewero uja anauza mkazi wake kuti galimoto ili ku garaja, aitenga mawa. Ndinamva bwinobwino. Koma malume, nkhope ili phee, anamasulira kuti akuti ngakhale tsitsi lako layamba kuyera, kwa ine palibe wina wokuposa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze. Mwamwayi ndinayamba ndayang'ana mayi. Anali atawerama, akukonza chitenje chimene chinali chokonzeka kale, kumwetulira kukuwatuluka m'mbali mwa milomo. Ndinatseka pakamwa panga.

Sewero litatha kunabwera nkhani zakunja. Anaonetsa dziko lina kumene kwagwa chisanu chija choyera. Malume anafunsa kuti chikuoneka bwanji, poti alendo a ku hotela ankawauza za chisanuchi zaka zonse koma iwo sanachionepo. Mayi anati chili ngati munthu wataya ufa woyera mudzi wonse, padenga, pamitengo, ndi pamsana pa galu pomwe. Malume anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anaonetsa kwina kumene kuli nkhondo, anthu atagona m'mbali mwa msewu osadzukanso. Malume anafunsa chimene chikuoneka. Mayi anati ndi msewu chabe ndi mitengo.

Nkhani zitatha, mayi anandiitana kuseri kuti akanditchorere mango a ana. Tili pansi pa mtengo ndinawafunsa, mochita kuzungulira, ngati amakhulupirira zonse zimene malume amamasulira. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.

"Mwana wanga, ine sukulu sindinapite koma makutu ndili nawo. Mzungu alankhula mawu awiri, malume ako khumi. Ukuganiza kuti sindidziwa?"

Anandiuza kuti pa zaka zonse za ukwati wawo, malume ankachoka m'mawa anthu asanadzuke, n'kubwera atatopa, mawu onse okoma atawathera kwa alendo. Sanali munthu wankhanza, ayi. Ana anaphunzira, pakhomo sipanagone njala. Koma kukhala pansi n'kucheza ngati anthu awiri, zimenezo kunalibe. Maso atayamba kuvuta, malume anasanduka munthu wa chete, wongokhala pakhonde tsiku lonse, wokwiya akamva munthu akuwamvera chisoni. Mayi ankawapatsa chakudya, kuwatsogolera kubafa, kuwamwetsa mankhwala, ndipo malume ankadziona ngati katundu. Kanema atabwera, kwa nthawi yoyamba panapezeka chinthu chimene mayi sakanatha popanda iwo.

Mayi anati zimene malume amawauza pomasulira zija sanawauzepo ndi pakamwa pawo, ngakhale pa chibwenzi. Amachita kubwereka pakamwa pa mzungu.

Ndinawafunsa za msewu ndi mitengo ija. Anati shuga safuna nkhawa, ndipo munthu wosaona akamva zoopsa amazinyamula mumtima masiku ambiri, chifukwa alibe china choti aone n'kuiwala. Ndiye nawonso amasankha zowauza.

Ndinawakumbutsa zimene tikumva, zoti posachedwa dziko lathu likhala ndi wayilesi ya kanema yakeyake, yolankhula Chichewa, yosalipira pamwezi. Ndinkayesa ndikuwatonthoza. Mayi anati imeneyo ndi nkhani yabwino kwa ena, koma ikadzayamba kulankhula Chichewa, malume adzawauza chiyani?

Ndinangolandira mango.

Titabwerera m'nyumba tinapeza malume atafufuza okha mawaya kuseri kwa kanema, atazula kale waya mmodzi. Ndinawagwira dzanja n'kubwezera wayayo. Ndinawauza kuti katoni ija aisunge kaye, ndikufuna ndiyambe ndalankhulanso ndi Dalitso. Anakana, nati ndisamuvutitse mwanayo, iwo akhala zaka zambiri opanda kanema ndipo sanafe. Mayi anangotenga katoni ija n'kukaibwezera pamwamba pa kabati.

M'mawa mwake ndinamuimbira Dalitso, n'kumufotokozera zonse monga ndakufotokozerani inu. Kenaka anandiuza zake. Kuntchito kwawo akuchepetsa anthu, ndipo sakudziwa ngati dzina lake lipulumuke. Mwana wake wamkulu wasankhidwa kupita ku sekondale. Anatinso iye akapita ku Senga Bay amafika Loweruka, kusiya shuga ndi sopo, kuona ngati denga silikudontha, n'kubwerera Lamulungu. Sanakhalepo nawo masana a tsiku wamba. Za galimoto ya ku garaja ija anandipempha kuti ndibwereze, ndipo nditabwereza anaseka, kusekako n'kuthera kwina.

Musamuweruze Dalitso. Ndi mwana wabwino, woposa ambiri a ife. Ndi angati amene anagulirapo makolo awo dishi?

Koma cholakwa chake n'chathu tonse, ife ana a m'tauni. Makolo athu timawaona ngati ntchito yoti tiigwire. Timafunsa ngati adya, ngati mankhwala alipo, ngati bulangete likadali lolimba. Tikamva kuti zonse zili bwino, timakwera basi mtima uli m'malo. Zoti nkhalamba nazo zimafuna chozisekesa, chozikanganitsa, chozipangitsa kudziona kuti zikadali zofunika kwa munthu wina, timaziona ngati zamanyado. Zinthu zikathina, zimenezo n'zimene timayamba kudula, ndipo timadula tili kutali, pa foni.

Ndipo makolowo satitsutsa. Amatipukutira katoni. Amatiuza kuti tisavutike, n'kusekerera kuti tisaone. Ife n'kumati avomera.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikanafika ndi changu changa, n'kuzula mawaya, n'kuthamangira minibasi, bwenzi lero ndikukuuzani kuti ndinathandiza msuweni wanga kuchotsa chinthu chopanda ntchito.

Ndili ndi mawu pang'ono kwa inu eni ake a madishi. Tamva kuti kwacha yagwa, ndipo sitikutsutsa, poti ndi ife amene yatigwera. Nthawi ya chipani chimodzi kanema sankaloledwa n'komwe, ndiye ena mwa ife tikungoyamba kumene kuona mmene dziko lapansi likuonekera. Koma n'chifukwa chiyani mumatigulitsa zonse pamodzi, ngati wogulitsa nsomba amene akukana kugawa mulu? Malume ndi mayi amaonera sewero limodzi ndi nkhani. Za mpira wa kunja, za magalimoto othamanga, za azungu omenya kampira paudzu, zonsezo amalipirira osazitsegula. Kodi simungakonze kamulu kakang'ono, ka mtengo wa munthu wopuma pantchito? Mukamakhala pansi kukweza mitengo mumaganiza za mahotela ndi mabala, amene akweza mowa mawa lake n'kubweza. Nyumba ngati ija ilibe chokweza.

Mmene zathera ndi umu. Dalitso wauza wa bala uja kuti afune kwina. Ine ndi iye tagwirizana kuti tizithandizana kulipira, ndipo mlongo wake amene ndi namwino ku Dedza wati aziponyako akakwanitsa. Mkazi wanga nditamuuza anandifunsa ngati ndalama zake ndizitola panjira, koma nditafika pa nkhani ya tsitsi loyera anasiya kufunsa. Kuti tifika nazo pati sindikudziwa. Akakwezanso, kapena Dalitso akachotsedwa ntchito, mwina katoni ija idzatsika ndithu. Sindikufuna kukunamizani kuti nkhaniyi yatha bwino mpaka kalekale. Yatha bwino mwezi uno.

Malume tinawauza kuti eni ake a dishi atsitsa mtengo kwa okalamba. Anangoti zikomo, koma anandifinya dzanja nthawi yaitali. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akumvetsera mawu a anthu patebulo sanamizika msanga.

Tsono inu amene muli ndi makolo kumudzi, sindikuti muwagulire dishi. Ambiri sitingathe, ndipo midzi yambiri ilibe ndi magetsi omwe. Kwanu mwina ndi kawayilesi kofuna mabatire, mwina ndi mbuzi imene mukuti igulitsidwe chifukwa ikuwatopetsa, mwina ndi kamunda kamene mukuwaletsa kulima poti chimanga mumatumiza. Musanawalande, kodi munakhalapo nawo tsiku lathunthu, osathamangira basi, kuti muone chimene chinthucho chimawachitira?