Mzere Wofiira wa Ahedi

Ndinayamba uphunzitsi chaka chomwe boma latsopano linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere. Ndinali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wongomaliza kumene Folomu 4. Anatisonkhanitsa kwa masabata ochepa, kutionetsa kagwiridwe ka choko ndi kakonzedwe ka phunziro, kenako n'kutimwaza m'mapiri. Ine ndinagwera ku sukulu ina ya kumtunda kwa Msakambewa, kufupi ndi malire a Ntchisi.

Sukuluyo inali yosiyana ndi zinzake. Njerwa anaumba ndi makolo, malata unapereka ndi mpingo, aphunzitsi tinkalandira malipiro kuchokera ku boma, koma zonse za pasukulupo ankalamula ndi ahedi pamodzi ndi komiti yawo. Mbiri yake inali imodzi: mwana wa pamenepo salephera mayeso a Sitandade 8. Anthu ankachokera kutali, ngakhale ku Mponela, kudzasiya ana kwa achibale kuti aphunzire kwa ife. Nanenso ndinkanyada. Ndikapita kwathu ndinkatchula dzina la sukulu yathu mokweza kuti anthu amve.

Chaka chomwecho m'kalasi mwanga, Sitandade 5, munabwera mtsikana wina wamtali kuposa ine. Anali atasiya sukulu zaka zingapo m'mbuyomo chifukwa cha fizi, ndipo atamva kuti tsopano ndi zaulere anabwerera yekha, popanda womuperekeza. Ana ankamuitana kuti "amayi." Iye ankakhala kumbuyo kwenikweni, pansi, atatsamira khoma, miyendo ataipinda kuti isatchinge njira. Chichewa ankawerenga cholozera ndi chala, liwu limodzilimodzi. Chingerezi ndiye kunalibe. Pa mayeso a teremu yoyamba anakhala womaliza, ndipo ataitana dzina lake pa tsiku lotsekera, sukulu yonse inaseka.

Ndinkaganiza kuti sabweranso. Teremu yotsatira ndinamupeza pamalo pake pomwe paja.

Popeza aphunzitsi tinali ochepa, ine ndinakwera nayo kalasi imeneyo, ndikuphunzitsa Chingerezi mpaka Sitandade 8. Choncho zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso anga, chaka ndi chaka. Mtsikanayu ankatola chilichonse cholembedwa: thumba la feteleza, pepala lokulungira sopo, kachidutswa ka nyuzi kochokera kumsika. Pa nthawi yopuma ankabwera nazo kwa ine.

"Madamu, mawu awa ndawawerenga ndekha, koma sakundiuza kanthu."

Tinkakhala pakhonde n'kumawamasula limodzi. Ankalemba tanthauzo lake kumapeto kwa kope, ndipo mawa lake ankabwera atawaloweza. Mu Sitandade 6 anapitirira ana khumi. Mu Sitandade 7 anafika pakati pa kalasi, ndipo masamu ankathandiza anzake omwe ankamuseka aja. Tsiku lina analemba chimangirizo cha Chingerezi chofotokoza kaokeredwe ka fodya, tsamba lathunthu. Zolakwika zinalimo, koma chiganizo chilichonse chinkamveka. Ndinathamanga nacho kukaonetsa aphunzitsi anzanga. Anangoyang'ana pamwamba n'kundibwezera. Iwo ankadziwa ana atatu kapena anayi a pamwamba, oyembekezeka kusankhidwira ku sekondale yogonera konko. Mwana wochoka kumapeto n'kufika pakati analibe naye nkhani.

Tsopano ndinene chimene chinkachititsa kuti ana athu asamalephere. Chaka chilichonse, mayina asanatumizidwe ku boma, ahedi ankalembetsa Sitandade 8 mayeso awoawo osefera. Akasanja mayina kuyambira woyamba mpaka womaliza, ankatenga rula ndi cholembera chofiira n'kujambula mzere. Amene ali pamwamba pa mzerewo ankalemba mayeso a boma. Amene ali pansi ankauzidwa kuti abwerere ku Sitandade 7, adzayesenso chaka chamawa. Zimenezi ndinali nditaziona kale zaka zitatu, ndipo ndinakhala chete. Ndinkakhulupirira zimene ankatiuza, zoti n'kuwachitira chifundo anawo kuti asakachite manyazi. Zoona zake n'zoti sanali ana anga, ndiye sizinkandiwawa.

Mayeso osefera ankalembedwa m'dzinja, nthawi ya njala, nthawi yomwe pakhomo paliponse anthu ali kalikiliki kuthyola ndi kusoka fodya. Mtsikana uja ankafika m'kalasi atayamba wasoka fodya kuchokera mbandakucha, zala zili bii ndi phula, m'mimba muli zii. Analemba choncho. Zotsatira zitatuluka, pansi pa mzere panali mayina khumi ndi awiri. Loyamba pansi pakepo, logundana ndi mzere weniweniwo, linali lake.

Ndinalowa mu ofesi ya ahedi osagogoda n'komwe. Anali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, wolankhula mofatsa nthawi zonse. Mawu awo ofatsawo ndi amene amandipsetsabe mtima mpaka lero.

"Ahedi, mwana uyu mayeso a boma akhoza."

"Akhoza, kapena mwina akhoza?"

"Ndamuphunzitsa zaka zitatu. Ndikumudziwa."

"Madamu, ine 'mwina' sindimutumiza ku mayeso."

Ndinawafotokozera zonse, kuti anabwera osatha kuwerenga, kuti palibe mwana pasukulu yonse amene wayenda mtunda wautali ngati iye, kuti kwatsala miyezi yokwanira kuti akwerenso. Ndinawauza kuti mtsikanayu ndi wamkulu, chaka china sadzakhala nacho. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja atawapinda pa tebulo.

"Boma silifunsa kumene mwana wachokera," anatero. "Limafunsa kuti alemba angati, akhoza angati. Akalephera mmodzi, dzina la sukulu ino lagwa, ndipo makolo adzafunsa ine, osati inu."

"Ndiye sukulu ilipo chifukwa cha dzina, kapena chifukwa cha ana?"

Anamwetulira. "Masiku ano ndi a demokalase, aliyense akulankhula. Mwalankhula, ndamva. Koma musaiwale kuti inu ku koleji ya uphunzitsi simunapitebe, ndipo kalata yokuvomerezani imadutsa pa tebulo lino. Bwererani m'kalasi, ana akukudikirani."

Ndinatuluka. Ndinapita kuseri kwa kalasi n'kulira ngati mwana, osati chifukwa cha chisoni, koma chifukwa ndinalibe choti n'kuphwanya.

Lolemba lotsatira mayina khumi ndi awiri aja anawerengedwa pa asembule, pamaso pa sukulu yonse. Anauzidwa kuti atenge makope awo akalowe mu Sitandade 7. Ena analira. Mtsikana uja sanalire. Analowa m'kalasi, anaika makope ake m'jumbo, anadutsa chitseko cha Sitandade 7 osachiyang'ana, n'kulunjika njira ya kwawo.

Loweruka ndinamutsatira. Ndinawapeza bambo ake m'chigafa akupachika fodya, iye ali pansi akusoka. Anandiyalira thumba kuti ndikhalepo. Ndinali nditakonzeka kukangana nawo, chifukwa ndinkaganiza kuti ndipeza munthu wosadziwa ubwino wa sukulu. Sizinali choncho.

"Madamu," anatero bambowo atatsika, "mwana uyu ndamulola zaka zitatu. Ntchito imene akanagwira iye ndagwira ine ndi mayi ake. Anzake amsinkhu wake ali ndi ana awiriawiri. Pali munthu anabwera kudzafunsira mbeta, ine ndinamuuza kuti adikire, mwanayu alembe kaye mayeso. Tsopano inu a sukulu mukuti ngakhale kulembako asalembe. Chabwino, abwereze. Nanga chaka chamawacho ahedi akadzajambulanso mzere wawo pamutu pake, mudzabweranso kudzandiuza chiyani?"

Anali kunena zoona, ndipo m'mawu awo oti "inu a sukulu" ndinalimo ndi ine.

Ndinatembenukira kwa mtsikanayo. "Iwe ukufuna chiyani?"

Sanadzutse mutu. "Ndikufuna ndikalephere ndekha, madamu. Asandilepherere iwo."

Tsidya lina la mtsinje kunali sukulu ya boma imene ife tinkaiseka. Makalasi ena analibe denga, ndipo chaka chilichonse ana ambiri ankalephera. Ndinapitako wapansi Lolemba masana. Ahedi a kumeneko, bambo woonda wovala jekete yong'ambika pachigongono, anandimvetsera ali chiimire chifukwa mpando wa mu ofesi unali umodzi ndipo anaupereka kwa ine.

"Kuno timalembetsa mwana aliyense amene wafika Sitandade 8," anatero. "N'chifukwa chake mumatiseka. Mayina sitinatumize. Abwere ndi kalata yosamukira sabata ino."

Ndinabwerera ndi mantha, poganiza kuti ahedi athu akana kulemba kalatayo. Anailemba nthawi yomweyo, anadinda chidindo, anaiuzira kuti inki iume, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Mwatithandiza, madamu," anatero. "Akakalephera, akalepherera kumeneko."

Kuyambira pamenepo mtsikanayo ankadzuka m'mamawa, kutsika phiri, kuwoloka mtsinje chitenje atachikwinya, n'kukwera phiri linalo. Mvula ikagwa yambiri ankadikira pagombe mpaka madzi ataphwa, ndipo ankafika phunziro loyamba litatha. Loweruka lililonse ankabwera kunyumba kwanga, tinkakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumabwereza mapepala akale a mayeso. Bambo ake anamuuzanso munthu wofunsira mbeta uja kuti adikire. Munthuyo sanadikire, anakakwatira kwina, ndipo mtsikanayo pondiuza nkhaniyi ankaseka.

Analemba mayeso, ndipo anakhoza. Sanasankhidwire ku sekondale yogonera konko, koma anapeza malo ku sekondale yoyendera. Anabwera kudzandiuza akuthamanga, atanyamula nkhuku imene mayi ake anati andipatse.

Ku sukulu kwathu, monga mwa masiku onse, ana onse amene analemba anakhoza. Komiti inakonza chikondwerero. Kunabwera aphungu a dera lathu, kwaya inaimba, amayi anavina chimtali, ndipo ahedi anapatsidwa njinga yatsopano. Polankhula, ahediwo anati, "Pasukulu pano sitisiya mwana m'mbuyo." Anthu anaomba m'manja, nthungululu zili wee. Ine ndinali nditakhala pa benchi ya aphunzitsi, ndikuyang'ana mayi wina amene ankagawa thobwa kwa alendo. Mwana wake wamwamuna anali mmodzi mwa khumi ndi awiri aja. Pa nthawiyo n'kuti mwanayo ali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo mayi ake ankakhulupirira kuti vuto linali mutu wa mwana wawo.

Apa m'pamene mkwiyo wanga umabwerera kwa ine mwini. Ana khumi ndi mmodzi otsalawo ndinkawaphunzitsanso ndine. Mayina awo ndinkawadziwa, kwawo ndinkakudziwa. Atatu okha ndi amene anabwereza. Enawo anamwazikana, atsikana kumabanja, anyamata kumaesiteti ndi kumaganyu ku Mponela. Ahedi a kutsidya aja anali atandiuza poyera kuti amalandira aliyense. Ine ndinawapititsira mwana mmodzi, amene ndinkamukonda. Ndinkaopa kuti ndikapititsa onse, kalata yanga ya ku koleji siidutsa pa tebulo lija. Nanenso ndinajambula mzere wanga, kungoti wanga sunaoneke papepala.

Chaka chotsatira ndinakana kuchonga mayeso osefera. Ndinanena pa msonkhano wa aphunzitsi kuti tikunamiza makolo. Palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene anandivomereza, ngakhale ena pambuyo pake ankandinong'oneza kuti ndanena zoona. Mayesowo anachonga wina, mzere unajambulidwa, ndipo teremu isanathe ndinalandira kalata yondisamutsira ku sukulu ina ya mkati mwa Ntchisi. Ku koleji ndinapita mochedwa kuposa anzanga onse amene tinayamba limodzi.

Mtsikana uja anaphunzira mpaka Folomu 2, kenako anapeza ntchito ya zaumoyo, yoyenda m'midzi kuyeza ana kusikelo ndi kupereka katemera. Patapita zaka tinakumana pa ukwati wina ku Mponela. Anali mayi wa ana atatu, wodziwika dera lonselo. Tili mkati mocheza panatulukira ahedi a mzere wofiira aja, atapuma ntchito, akuyendera ndodo. Anamuzindikira, anamugwira dzanja n'kuitana anthu amene anali pafupi.

"Mukumuona uyu? Mwana wathu ameneyu. Tinamuphunzitsa ife. Anabwera osatha kuwerenga, koma onani lero!"

Iye anagwada mwaulemu n'kuwapatsa moni. Ine sindinathe kudzigwira.

"Ahedi, mayeso analembera kutsidya. Inu munamukana."

Bambowo anaseka, akugwedeza mutu. "Madamu awa sanasinthe," anatero, ndipo anthu onse anaseka nawo. Wina anawakokera mpando, wina anawabweretsera fanta.

Wophunzira wanga uja anandikokera pambali. "Asiyeni, madamu, akalamba," anatero. Ndinamuuza kuti iye akhoza kuwakhululukira ngati akufuna, nkhaniyo ndi yake. Ndinatsanzikana naye bwinobwino, ndinafunsa za ana ake ndi za bambo ake, koma chakudya cha pa ukwatiwo sindinadikire. Ndinapita pamsewu kukakwera minibasi.