Ndowa ya Chitosi pa Geti

Ine ndimaweta nkhuku zanyama ku Chiparamba, ndipo amene anaimapo pafupi ndi khola la nkhuku zambiri safunika kumufotokozera. Fungo lake limalowa m'zovala, m'tsitsi, mpaka mu tiyi. Oyandikana nawo anandinena mpaka kutopa. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandiuza pamaso kuti makasitomala ake amadya atatsina mphuno. Ndinamuyankha zachipongwe, sindibisa, koma ankanena zoona.

Ndiye ndinagonja. Kunabwera amisiri a m'tauni n'kumanga bokosi lalitali la malata kuseri kwa mafani otulutsa mpweya m'khola. M'kati anaikamo nyali zomwe amazitcha UV, akuti mpweya ukamadutsa pa kuwalako fungo limaphwanyika, tizilombo n'kufa. Anandichenjeza kuti ndisadzasuzumiremo zikuyaka, zimawotcha maso. Pa mng'alu wa chitseko chake pankatuluka kamzere ka kuwala kwa buluu, kozizira, kooneka ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Fungo silinatheretu, koma kumsewu silinkafikanso. Ntchentche zinachepa. Pakhomo panakhala pachilendo: nkhuku zikulira m'katimo, mafani akung'ung'udza, koma mphuno osamva kanthu. Ine ndinkanyada nazo.

Atate ndinkakhala nawo. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, maso atachita ng'ala, ankangoona zithunzithunzi. Komabe tsiku lililonse ankavala jekete, kutenga ndodo, kupita okha kukacheza kwa mnzawo wa kutchalitchi, n'kubwerako nthawi ya nkhomaliro. Kuwaperekeza ankakana. "Ine si katundu," ankatero.

Sabata yachiwiri nyali zija zikuyaka, nkhomaliro inazizira asanabwere. Ndinawapeza ataima pamsewu, moyang'anizana ndi geti lathu lenilenilo, chipewa chili m'manja.

"Atate, mwaimiranji apa?"

Anatembenuka ndi ulemu uja ankapatsa alendo. "Pepani mayi, ndasokera. Ndikufuna kwa mwana wanga, uja woweta nkhuku."

Ndinawagwira mkono. "Ndine, atate. Kwanu ndi pano."

"Mawu ndi akedi," anatero akununkhiza m'mwamba. "Koma malo ano si amenewo."

Ndinachita kuwakoka kuti alowe. Anakhala pampando wawo womwe, mawondo pamodzi ngati mlendo, chakudya anakana. Kenako anandifunsa chapansipansi ngati iwo eni ake anamwalira kale ndipo ife tikungoopa kuwauza. Akuti malo opanda fungo analowamo kamodzi kokha, m'chipinda chozizira cha kuchipatala chija anakatengamo mtembo wa amayi.

Zinachitika kangapo. Tsiku lina anapitirira geti mpaka kuyandikira msewu waukulu, komwe malole amathamanga ngati alibe mabuleki. Ndinaopa kuti mutu wayamba kusokonekera, ndipo abale anali atayamba kale kunong'ona za anthu oipa. Koma ndinazindikira chinthu. Masiku amene magetsi athima, ife n'kukweza makatani a khola kuti nkhuku zipume, fungo n'kufalikira, atate ankalowa pageti osaphonya, akuimba nyimbo yawo ya m'buku. Zaka zonsezi ankabwerera kunyumba ndi mphuno, ndipo ine ndi nzeru zanga zogula ndinawafufutira njira.

Kuzimitsa nyali sindikanatha, oyandikana nawo akanandisamutsa. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkadzaza ndowa ndi chitosi chonyowa n'kuibisa kuseri kwa mpanda, pambali pa geti. Mayi wa zitumbuwa anaiona, n'kungondiyang'ana. Atate ankafika, kuima, kukoka mpweya, n'kudziuza okha, "Eya, tafika."

Anamwalira chaka chatha m'nyengo yozizira. Titabwera kumanda ndinatsuka ndowa ija n'kuiika mosungira katundu. Masiku atatu otsatizana, nthawi ya nkhomaliro, agalu athu ankapita pageti, kuima, kugwedeza michira, akuyang'ana pamsewu popanda munthu. Ndine mkhristu, zamizimu sinditsata. Koma tsiku lachinayi ndinatulutsanso ndowa ija, ndipo mpaka lero ndimaidzaza. Sindingapirire kuganiza kuti atate aima panja paja, chipewa m'manja, akufunsa anthu njira ya kwa mwana wawo.